Kutula Buku Pabwalo: Malangizo kwa Achinyamata a Kuchigwa cha Dedza

Kuwerenga buku ndi ntchito imene munthu amaiyamba ali payekha, koma ntchitoyo simalizika mpaka wowerengayo atakhala pansi ndi anzake n'kuwafotokozera zimene wapeza m'bukumo, mmene wazimvera, ndiponso chifukwa chimene akuzivomerezera kapena kuzikanira. Mchitidwe umenewu ndi umene aphunzitsi a Chichewa amautcha kuunika buku, ndipo mawuwa ndi oyenera ndithu, pakuti amakumbutsa za munthu amene walowa ndi nyali m'nyumba ya mdima kuti adzionere yekha zimene zili m'katimo, m'malo moima pakhomo n'kumangoganizira. Achinyamata a kuchigwa cha boma la Dedza, kuyambira ku Golomoti kumene msewu wokhotakhota wotsika m'mapiri umakumana ndi msewu waukulu wa pakati pa Balaka ndi Salima, kudzera ku Mua mpaka ku Mtakataka, ali ndi chifukwa chapadera chophunzirira luso limeneli, popeza zochitika za kwawo zakhala zikulembedwa ndi anthu obwera kwa zaka zoposa 100, pamene mawu a eni dera oyankha zolembedwazo samveka kawirikawiri.

Luso loyeza mawu a munthu si lachilendo m'midzi ya m'derali. Aliyense amene anakhalapo pansi pa mlambe kapena mtengo wa mango tsiku la milandu kwa anyakwawa amadziwa kuti bwalo lili ndi dongosolo lake: wodandaula amayala nkhani yake osadulidwa pakamwa, woyankha mlandu amatsatira, mboni imafunsidwa pamene inaima pamene inkaona zimene ikunenazo, nduna zimasanthula mawu a mbali zonse, ndipo mfumu imagamula pomaliza itamva aliyense. Buku nalonso ndi mboni, koma ndi mboni imene inalankhula kale ndipo singabwerenso kudzawongola mawu ake, choncho wowerenga ayenera kulifunsa mafunso omwewo amene bwalo limafunsa mboni yamoyo: analilemba ndani, analilemba liti, zimene sanazione ndi maso ake anazimva kwa yani, ndipo ankalembera anthu ati. Wachinyamata amene pouza anzake za buku amayamba watchula dzina la bukulo, mlembi wake ndi chaka chimene linasindikizidwa, amafanana ndi nduna imene imayamba yatchula dzina la mboni ndi mudzi wake, kuti onse okhala pabwalopo adziwe kuti akumva mawu a yani.

Kufunika kwa mafunso amenewa kumaoneka bwino pa mabuku onena za Mua. Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe m'chaka cha 1902 ndi ansembe a Chikatolika a chipani cha White Fathers, omwe anatchedwa choncho chifukwa cha mikanjo yawo yoyera, ndipo ansembewa anali ndi chizolowezi cholemba zochitika za pamishoni m'mabuku a tsiku ndi tsiku. Zolemba zoterezi ndi zina mwa zimene Ian Linden anatsamira polemba buku lake la mu 1974 lotchedwa Catholics, Peasants and Chewa Resistance in Nyasaland, limene limafotokoza za zaka za pakati pa 1889 ndi 1939, ndipo mwa zina limasimba za mkangano wa mishoni ndi nyau umene unakula m'zaka za m'ma 1920, pamene sukulu ndi dambwe zinkalimbirana anyamata omwewo a m'midzi yomweyo. Linden anayesetsa kumvetsa mbali ya anthu a kumudzi, monga mmene dzina la buku lake likusonyezera, komabe wowerenga wa ku Mua ayenera kukumbukira kuti akuluakulu a kudambwe a nthawi imeneyo sankasunga mabuku a tsiku ndi tsiku, ndipo zambiri zimene ananena zinafika papepala kudzera m'manja mwa anthu amene ankatsutsana nawo. Kuzindikira zimenezi si kunyoza bukulo ayi, koma ndi kudziwa pamene mboni inaima.

Pamalo omwewo, m'chaka cha 1976, Bambo Claude Boucher, wansembe wa chipani chomwecho wochokera ku Canada, amene anafika m'Malawi mu 1967 ndipo amadziwikanso ndi dzina la Chisale, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni, kumene kuli nyumba ya Chamare yosunga ndi kufotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Buku lake la mu 2012, When Animals Sing and Spirits Dance, limayang'ana gule wamkulu ngati nkhokwe ya maphunziro a makolo, ndipo linatuluka patapita zaka zisanu ndi ziwiri kuchokera pamene bungwe la UNESCO linavomereza guleyu, mu 2005, kukhala chimodzi mwa chuma chachikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi. Apa pali phunziro lalikulu kwa wowerenga wachinyamata, pakuti mishoni imodzi yomweyo, m'zaka zosakwana 100, yatulutsa zolembedwa zoona nyau ngati mdani komanso zolembedwa zoona nyau ngati mphunzitsi, ndipo amene wawerenga mbali imodzi yokha angayende akudzimva kuti akudziwa mbiri ya kwawo pamene wamva mboni imodzi basi. Anyamata ndi atsikana awiri kapena atatu atagawana mabuku amenewa, n'kuwonjezapo la J. W. M. van Breugel lotchedwa Chewa Traditional Religion, kenaka n'kukafotokozera agogo awo m'Chichewa zimene apezamo, akhoza kudabwa kumva mkulu amene sanapitepo patali ndi sukulu akuvomereza tsamba lina, akukana lina, ndi kutchula mudzi kapena dzina limene mlembi analiphonya. Zimene agogo angawongole zilembedwe m'kope tsiku lomwelo, chifukwa umboni umenewo sulinso kwina kulikonse.

Pa nkhani ya gule pamafunika ulemu wapadera. Pagulu lokambirana mabuku pangakhale olowa kudambwe ndi osalowa, Akatolika, a mipingo ina ndi Asilamu, ndipo lamulo lakale loti za kudambwe saulula silithetsedwa ndi kupezeka kwa zithunzi m'buku. Wolowa asakakamizidwe kutsimikiza kapena kukana zimene mwambo wake sumulola kunena, ndipo iyenso asatseke pakamwa mnzake amene akufunsa mwaulemu za zimene zasindikizidwa kale poyera. Buku lothandiza pa mfundo imeneyi ndi Things Fall Apart la Chinua Achebe, la mu 1958, limene Benedicto Wokomaatani Malunga analimasulira m'Chichewa pa dzina loti Chipasupasu. Nkhani yake ndi ya Aigbo a ku Nigeria, koma mmene amishoni anafikira m'mudzi, mmene ana anasiyanirana njira ndi makolo awo, ndi chipwirikiti chimene chinabuka pamene wotembenuka mtima wina anavula chigoba cha mzimu wa makolo pamaso pa anthu, ndi zinthu zimene wowerenga wa ku Mua sangazione ngati za kutali. Nthawi zina anthu amakambirana momasuka za bala la kwawo akaliona kaye pa thupi la mlendo.

M'derali mumakhala mitundu itatu yoyandikana ndi yokwatirana, ndipo mtundu uliwonse uli ndi mlembi amene anausimba: Samuel Josia Nthara analemba Mbiri ya Achewa, K. D. Philip analemba Onani Angoni, ndipo Yohanna B. Abdallah, wansembe wa mpingo wa Anglican, analemba Chiikala cha Wayao limene linasindikizidwa mu 1919. Chizolowezi cha anthu ambiri n'chofuna buku la mtundu wawo lokha, koma phindu lenileni lili m'kusinthana, kuti Mngoni wa kwa Kachindamoto awerenge za Achewa, Mchewa awerenge za Ayao, popeza nkhondo imene mtundu wina umaikumbukira ngati chipambano, mtundu wina umaikumbukira ngati nyengo yothawira kumapiri ndi kusiya mbewu m'munda.

Tsono funso ndi lakuti maganizo pa buku amaperekedwa motani. Mawu oti "n'labwino" kapena "n'lobowa", amene amamveka kwambiri pakati pa ophunzira, si maganizo okwanira, chifukwa sapatsa womvera chogwira, ndipo amafanana ndi mboni imene yangoti mnzake ndi wolakwa osanena chimene anachita. Chitsanzo chabwino chophunzirirapo ndi Nthondo, nthano yaitali ya Nthara, imene inapambana pampikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures, n'kusindikizidwa mu 1933, ndipo T. Cullen Young anaimasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina loti Man of Africa. Mwininkhani, kutanthauza mpangankhani wamkulu amene zochitika zonse zimazungulira pa iye, ndi mnyamata amene anakula movutitsa, anazolowera kuba, anapita kutali kukafuna ntchito, anabwerera kwawo, analowa ufumu, ndipo pamapeto pake anakhala Mkhristu. Wowerenga wina anganene kuti kusintha kwa Nthondo n'komveka, chifukwa mavuto a paulendo ndi udindo wa ufumu zimakhwimitsa munthu, n'kuonetsa malo m'bukumo pamene kusinthako kukuyambira. Wina angayankhe kuti Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo mathero a nkhaniyo akutsata zimene mphunzitsi wa mishoni ankalakalaka kuti owerenga ake aphunzire, mwina kuposa zimene khalidwe la mwininkhani likanabala palokha. Wachitatu, amene mchimwene wake ali ku Joni ndipo patha zaka osatumiza mawu, angasiye zonsezi n'kufunsa ngati ulendo wokafuna ntchito umawongola munthu kapena umamuwononga. Onse atatu apereka maganizo enieni, pakuti aliyense wanena chimene akukhulupirira, wapereka chifukwa chake, ndipo wasiyanitsa zimene buku lanena ndi zimene iye mwini waganiza. Sikofunika kuti agwirizane tsiku lomwelo, ndipo pabwalo la mabuku palibe mfumu yogamula.

Chimene chimapha kukambirana kotereku ndi bodza lonamizira kuti munthu wawerenga buku limene sanalitsegule. Ophunzira ambiri okonzekera mayeso a fomu 4 amadalira manotsi, omwe ndi mfundo zachidule zosonkhanitsidwa kuti ziwathandize kuloweza mayina a apangankhani ndi mfundo zazikulu za buku, ndipo ngakhale manotsiwo ali ndi ntchito yake, woloweza manotsi wamva za buku kwa munthu wina monga mmene munthu amamvera za nyanja kwa wogulitsa usipa. Palibe manyazi kunena kuti munthu wawerenga mitu itatu yokha, kapena kuti Chingerezi cha mlembi wakutiyo chamukanika ndipo akufuna womuthandiza, kapena kuti buku lotchuka limene onse amalitama iye silinamugwire mtima. Manyazi ali pa kubwereza maganizo a mphunzitsi ngati ake. Wamng'ono asaope kutsutsana ndi mlembi wamkulu, bola atsutse ndi umboni wa m'buku lomwelo, ndipo akatsutsidwa ndi mnzake akumbukire kuti chimene chikuyesedwa ndi mfundo yake, osati nzeru za makolo ake.

Achinyamata a lero adziwenso kuti ufulu wouzana poyera zimene akuwerenga sunakhalepo nthawi zonse. M'chaka cha 1968 dziko lino linakhazikitsa lamulo lopima mabuku ndi zisudzo, ndipo bungwe la Censorship Board linaletsa mabuku ambirimbiri, kotero kuti munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanatchule buku limene ali nalo m'nyumba. M'nyengo yomweyo, mu 1970, ophunzira ndi aphunzitsi a ku Chancellor College anayambitsa gulu lotchedwa Writers Group, limene linkakumana sabata ndi sabata kuwerengerana ndakatulo ndi nthano ndi kudzudzulana mosabisa, ndipo m'gulu limeneli munadutsa alembi monga Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Steve Chimombo. Buku la ndakatulo la Mapanje, Of Chameleons and Gods, la mu 1981, linachotsedwa m'masitolo a mabuku ndi m'malaibulale, ndipo iye mwini anamangidwa mu 1987 n'kusungidwa kundende ya Mikuyu osazengedwa mlandu mpaka 1991. Anthu amenewa ankakumana akudziwa kuti pakati pawo pangakhale kazitape, pamene wachinyamata wa ku Golomoti lero angakhale pakhonde la sitolo n'kunena maganizo ake pa buku lililonse popanda womulonda.

Vuto limene liripo lero ndi kusowa kwa mabuku enieniwo. Bungwe la National Library Service, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1967, lili ndi nthambi m'mizinda ndi m'maboma ena, koma kwa mwana wa mlimi wa mpunga mtengo wa ulendo wopita kutauni kukabwereka buku ndi waukulu. N'chifukwa chake buku limodzi lofika m'mudzi liyenera kuyesedwa chuma cha onse. Buku lotere limadziwika ndi maonekedwe ake: chikuto chinathothoka kalekale ndipo wina analikutira ndi pepala la kalendala ya chaka chatha, msana wake unasokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza, ngodya za masamba zinapindika ndi thukuta la mwezi wa Okutobala, ndipo tsamba lomaliza likasowa, aliyense wobwereka amapita kukafunsa amene analiwerenga lisanang'ambike kuti nkhani inatha bwanji. Adani ake ndi odziwika: chiswe chokwera khoma usiku umodzi, denga la udzu lodontha nthawi ya dzinja, ndi dzanja la munthu wofuna pepala lokulungira zitumbuwa kapena lopichirira chingambwe. Wobwereka alisunge m'jumbo, alipachike pamalo okwera, ndipo alibweze pa tsiku limene analonjeza, pakuti wosabweza buku walanda mudzi wonse, osati mwini buku yekha. Amayi a banki m'khonde anaonetsa kale kuti kope limodzi lolembedwa mokhulupirika limasunga ndalama za anthu makumi awiri popanda mkangano, ndipo kope lotero lingasungenso mabuku: dzina la buku, wobwereka, tsiku lotenga, tsiku lobweza, ndi mizere iwiri kapena itatu ya zimene wobwerekayo waliona bukulo.

Mizere yolembedwayo ili ndi phindu linanso. Ku Mua kuli sukulu ya ana osamva, ndipo kwa wachinyamata wosamva kukambirana kwa pakamwa pokha ndi bwalo limene iye wakhala kunja kwake, pamene maganizo olembedwa m'kope angawawerenge ndi kuwayankha mofanana ndi wina aliyense.

Asungwana nawonso apatsidwe malo enieni. Inkosi Theresa Kachindamoto, imene inalowa ufumu mu 2003 itagwira ntchito ya ulembi kwa zaka 27 pasukulu ina yaukachenjede ku Zomba, inadziwika m'maiko ambiri chifukwa chothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo kusukulu. Msungwana wobwerera kusukulu motero amakhala ataona zinthu zimene anzake amangoziwerenga, ndipo akawerenga nthano za Willie Zingani monga Madzi Akatayika Saoleka, kapena za Jolly Max Ntaba monga Mtima Sukhuta, kapena malangizo a John W. Gwengwe m'buku la Kukula ndi Mwambo, angathe kuona pamene mlembi wanena zoona za moyo wa pabanja ndi pamene wapenya ndi diso la mwamuna lokha. Kuti mawu ake amveke, gulu likumane masana dzuwa likadali pamwamba, pamalo oonekera monga pasukulu kapena pabwalo la tchalitchi kapena la mzikiti, pa nthawi imene iye sali kudambo kapena kumjigo, ndipo anyamata aphunzire kudikira kuti amalize kulankhula.

Asaganizenso achinyamata kuti mabuku oyenera kukambirana ndi a nthano ndi mbiri okha. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001 ndi 2002, anapeza m'kalaibulale kakang'ono ka kwawo buku lotchedwa Using Energy, limene zithunzi zake zinamutsogolera kupanga makina a mphepo opangira magetsi, ndipo nkhani yake inalembedwa m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind la mu 2009. Ku Golomoti kuli malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo ali ndi mabatire osungira mphamvu, ndipo m'chigwa cha Bwanje muli sikimu ya mpunga ya mahekitala pafupifupi 800 yothiriridwa ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe. Mnyamata amene amadutsa pa malo amenewa tsiku ndi tsiku pa njinga ya kabaza, atawerenga mutu umodzi wa buku la sayansi wofotokoza mmene kuwala kumasandukira magetsi, kapena kabuku ka alangizi a zaulimi konena za matenda a mpunga, n'kuwafotokozera anzake m'Chichewa chomveka kwa amayi ake, wachita ntchito yofanana ndi ya wounika ndakatulo. Ndipotu kufotokoza m'Chichewa zimene zawerengedwa m'Chingerezi ndi muyeso wabwino wa kumvetsa, chifukwa mawu oloweza amagwa pomwepo akafunsidwa tanthauzo lake m'chiyankhulo cha pakhomo.

Kuti zonsezi ziyambike sipafunika nyumba, ndalama kapena mlendo wodzatsegulira. Achinyamata asanu a mudzi umodzi asankhe Loweruka masana, apeze buku limodzi ndi kope limodzi, awerenge mutu umodzi mokweza mosinthana, aliyense anene maganizo ake ndi chifukwa chake, ndipo kamodzi pa mwezi aitane gogo mmodzi kuti adzamve ndi kuyankhapo. Amene ali pafupi ndi Mua apite ku Kungoni, kumene kuli malo osungira zolembedwa otchedwa Kafukufuku, akapemphe mwaulemu chilolezo choona zimene zinalembedwa za midzi yawo, ndipo popita atenge kope lija.